Ndinawachongera Amayi Zomangamanga

Ndine ndinachonga. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa kumudzi kwathu alipobe anthu amene amati kalaliki wa ku ofesi ndiye anasokoneza mapepala, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu mpaka anaimirira kutsogolo n'kuchitira umboni kuti linali dzanja la Mulungu. Dzanjalo linali langa. Cholembera chinalinso changa, chabuluu, chotafunidwa kumapeto.

Nthawi imeneyo ndinali Folomu 2 pasukulu yoyendera ya kwathu, cha ku Milonde. Pakhomo tinalipo awiri, amayi ndi ine. Bambo anachoka ndili Sitandade 4. Anali mkamwini, ndiye atatopa anangokweza khasu, wailesi ndi mpando umodzi panjinga n'kubwerera kwawo. Nyumba anaisiya, poti nyumba sikwera njinga. Koma nayo sinakhalitse. Chaka cha mvula yamkuntho ija, m'mawa wina tikumwa phala pakhonde, khoma la kuchipinda linagwera kunja, denga n'kugwada. Kuyambira pamenepo tinkagona m'khitchini, amayi uko ine uku, pakati chitenje chopachika pachingwe.

Amayi ankathyola tiyi ku esiteti. Ntchito ya tiyi ili ngati ngumbi, imabwera ndi mvula. Disembala akuitanani, ikafika Epulo kapena Meyi akuuzani kuti pitani mukapume kaye, ngati kuti munapempha kupuma. Miyezi yotsalayo inali ya maganyu: kukolola nandolo m'minda ya anthu, kusenda chinangwa, kutungira madzi oumba njerwa. Masiku ena ganyu ankapezeka. Masiku ena tinkangomwa madzi ambiri.

Lamlungu lina analengeza kutchalitchi kuti bungwe lina latsegula maphunziro a ntchito zamanja a anthu akuluakulu kufupi ndi Chitakale, aulere, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ya minibasi azipereka okha. Amayi anabwera ndi fomu ataipinda kanayi n'kuimangirira pachitenje. Iwo sukulu analekeza Sitandade 2. Dzina lawo amalemba, koma pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga. Ndiye mlembi wa pakhomo ndinali ine.

"Ulembe zosoka," anatero. "Telala alibe nyengo. Anthu amang'amba zovala chaka chonse."

Apa ndifotokozeko mbali yanga, poti palibe amene anandifunsapo. Sabata yomweyo buluku langa la kusukulu linali litang'ambika kumbuyo, amayi n'kulisoka ndi chigamba cha chitenje chakale. Buluku lotuwa, chigamba cha maluwa ofiira, duwa limodzi lathunthu pakati penipeni pa pokhalira. Ndinayesa kutulutsa malaya kuti abise, aphunzitsi anandiuza kuti ndipisire. Pofika buleki atsikana a Folomu 3 ankandifunsa ngati ndathirira m'mawa. Zimenezi amayi anachita ndi singano ya pamanja chabe. Ndiye ndinadzifunsa kuti munthu ameneyu akagwira makina, ine ndithera kuti?

Pafomupo panali timabokosi tinayi: zosoka, ukalipentala, zowotcherera, zomangamanga. Ndinachonga komalizako. M'munsi mwake munali funso lakuti mwasankhiranji ntchito imeneyi, ndi mizere itatu yopanda kanthu. Ine mzere wopanda kanthu umandiyabwa. Ndinalemba kuti: "Chifukwa ndili ndi mphamvu zoposa amuna awiri ndipo ndikufuna kumanga nyumba yosanja ku Milonde." Kenako ndinawawerengera amayi mokweza, chala chikutsata mzere: "Chifukwa ndimakonda kusoka ndipo ndikufuna kuthandiza banja langa."

"Sukulu ndi yabwino," anatero amayi, n'kusaina.

Maganizo anga anali akuti aku ofesiwo aseka, awaitana, akonza, nkhani ithera pomwepo ine nditasekako pang'ono. Ndimaganiza patali ine, koma osati patali kwambiri.

Patapita milungu itatu uthenga unabwera pafoni ya amalume, achimwene awo a amayi, amene nyumba yawo yayandikana ndi yathu ndipo ndiwo eni mbumba. Amayi anali atatengedwa. Tsiku loyamba anavala chitenje chimene ankasungira maukwati, anabwereka sizasi kwa aneba n'kukakwera minibasi. Madzulo anabwera atasenza thumba. Anakhala pamwala wa pakhomo la khitchini n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi: ovolosi yabuluu, jombo, mpeni womangira, chingwe. Sizasi anaitulutsa pomaliza.

"Akuti dzina langa lili kwa omanga."

"Omanga chiyani?" ndinafunsa, nkhope ili gwa. Kusaseka ndi luso, ndipo ine ndinaliphunzira ndili wamng'ono.

"Nyumba, iwe! Ndawauza kuti alakwitsa. Akuti kosoka kwadzaza, makina amodzi anthu awiri. Akuti ngati sindikufuna ndidikire chaka chamawa, koma sakulonjeza."

Anaziyang'ana jombo zija nthawi yaitali. Kenako anazivala. Zinali zazikulu, ndiye anavulanso n'kuikamo nsanza kutsogolo.

"Chaka chamawa tidzakhala tikugonabe ndi mapoto," anatero. "Ndizipita komweko."

Apa m'pamene ndinayenera kuulula. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma atangoimirira kuti ayese, ovolosi m'kati, chitenje pamwamba, jombo zikuti phwa phwa, ndinathamangira kuseri kwa nthochi n'kuseka mpaka nthiti kupweteka.

Mudzi unalandira nkhaniyi ngati mphatso. Amayi akafika pamjigo ndi ndowa, anzawo ankapatukira mbali.

"Amisiri afika, apatseni njira!"

"Achemwali, mudzatimangireko khola la nkhunda, koma nkhundazo zisadzafe."

Amayi ankaseka nawo, kenako kunyumba ankatukwana mu Chilomwe, chimene amasungira nthawi ngati zimenezo. Koma amene zinawawawa kwambiri anali amalume. Ankabwera madzulo, n'kuima pabwalo manja kumbuyo.

"Achemwali, tandiuzeni. Mkazi akwere pamwamba pa khoma amuna ali pansi? Mbumba yanga imeneyo? Ine pamaliro ndizikhala pati?"

"Achimwene, ovolosi ili ndi miyendo. Palibe chimene aone."

"Si za kuona ayi, ndi ulemu."

"Ulemuwo ndauphika miyezi itatu tsopano, sukupsa."

M'kalasi mwawo mkazi anali iwo okha. Enawo anali amuna, ndipo osati anyamata: wina anali mlonda wakale wa imvi, ena ankatsitsa nkhuni kuphiri mpaka makosi kuuma, wina anali wakabaza amene mawondo anamukana. Masiku oyamba ankangowapatsa amayi ndowa kuti akatunge madzi a onse. Aphunzitsi awo, bambo wamfupi wosakonda kuseka, atazindikira anati pano palibe mkazi wa munthu, aliyense atunge ake. Izi ndinkazimva madzulo, amayi akupaka mafuta m'manja mosweka, chifukwa ankafotokoza zonse ngakhale munthu asanafunse.

Milungu yoyambirira inali yophunzira kuponda matope, kugwira mpeni, kuyala njerwa motsata chingwe. Kunyumba ankatenga zidutswa za njerwa za nyumba yathu yakugwa ija n'kumaziyala pabwalo. Anayambanso matenda oyang'ana nyumba za eni. Tikupita kutchalitchi ankaima panjira, diso limodzi atatsinzina.

"Kona iyi yapendama."

"Amayi, mwini wake ali pakhondepo."

"Ndiye achokepo, imugwera."

Sabata yachisanu aliyense anapatsidwa mulu wake wa njerwa kuti amange khoma lake yekha, lofika pachifuwa, lokhala ndi kona. Lolemba mpaka Lachinayi amayi ankabwera kunyumba ngati apambana mpira. Ankandionetsa ndi dzanja pamene lafika: apa, mawa apa. Lachisanu anabwera dzuwa likadali pamutu, jombo zili m'manja.

"Ndasiya," anatero.

Nkhani yake inali iyi. Pophunzira samangira simenti, amamangira matope a dothi, ndipo njerwa zimakhala zomwezomwezo. Lachisanu aphunzitsi amayendera makoma, amapereka malikisi, kenako aliyense amagwetsa lake, kupala njerwa n'kuziunjika kuti Lolemba ayambirenso. Amuna aja anazitenga ngati masewera. Ankakankha ndi jombo, makoma n'kumagwa uku akukuwa. Amayi anaima kutsogolo kwa khoma lawo atatambasula manja.

"Ine kulira kwa khoma likamagwa ndikukudziwa," anandiuza. "Ndinakumva kamodzi, kwakwana. Ndimange masiku anayi, loongoka bwinobwino, ndiye ndiligwetse ndekha? Ndine wamisala? Anthu tikugona m'makhitchini, iwo akusewera ndi makoma."

"Aphunzitsiwo anati chiyani?"

"Akuti wosagwetsa alibe njerwa Lolemba. Ndawauza kuti asunge njerwa zawozo."

Tsiku limenelo sindinaseke. Musaganize kuti ndinalapa. Ndinangoona kuti nkhani yafika pamene munthu amagwidwira. Komanso, ndinene zoona, ndinayang'ana chitenje chopachika pachingwe chija n'kuwerengera kuti amayi akasiya, Disembala abwerera ku tiyi, Meyi apuma, ndipo ine ndidzalemba mayeso a Folomu 4 ndikugonabe pafupi ndi mafuwa.

Amalume anasangalala poyera.

"Ndinanena ine! Lolemba tipita tonse, ndikawauze akubwezereni kosoka, poti kulakwitsa ndi kwawo. Iwe wasukulu upite nawo, ukatiwerengere mapepala, angatipusitse."

Ndinati Lolemba tili ndi mayeso. Anati mayeso amabweranso. Ndinati m'mimba. Anati minibasi imaima. Lolemba m'mawa ndinakhala mu minibasi pakati pa amayi ndi amalume, amalume atavala jekete, ine ndikupemphera kuti tayala liphulike.

Malo ophunzirirawo anali nyumba yaitali yakale kuseri kwa mashopu. Mbali ina kunkamveka makina osokera, mbali ina kunkathetheka moto wa owotcherera. Mu ofesi munali mayi wachitsikana wa magalasi, amene ankayang'anira maphunzirowo. Amalume analankhula nthawi yaitali. Anayambira pa makolo athu, anadutsa pa mvula, anafika pa ulemu wa mkazi, n'kumaliza ndi kuti anthu ophunzira asamasewere ndi mapepala a anthu osauka. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anatsegula kabati, anafufuza m'mafayilo n'kutulutsa fomu ya mapindo anayi. Atangoiona anamwetulira.

"Aa! Mayi a nyumba yosanja aja ndinu?"

"Nyumba yanji?" anafunsa amayi.

Mayiyo anawerenga mokweza. Amayi anatenga pepalalo, analiyang'ana ngati angalimve ndi maso, n'kundipatsa.

"Werenga ndiwe."

Ndinawerenga. Munthu ukagwidwa uziwerenga bwino, ndiye ndinakweza mawu, ndinapumira pa "amuna awiri", ndinamaliza ndi "ku Milonde" momveka. Ndisanatseke pakamwa khutu langa linali kale m'manja mwa amalume. Mayi wa magalasi uja anavula magalasiwo kuti apukute misozi.

"Pepani bambo, musalizule," anatero. "Koma ndikuuzeni zoona. Mafomu a zosoka anali mulu kufika apa, ambiri tinawabweza. A zomanga, mkazi anali mmodzi yekha. Titawerenga yankho ili tinati ameneyu asatsale. Akanachonga zosoka, mwina sitikanawaitana n'komwe."

"Mwamva?" ndinatero.

Amalume anapotokola khutu lija kubwerera mbali inayo.

Amayi anatuluka, ife n'kuwatsatira kuseri, kubwalo la omanga. Amuna aja anali akuponda matope a sabata yatsopano. Pabwalo ponse panali milu ya njerwa, ndipo pakati pake khoma limodzi lokha litaima, la amayi. Ine ndinali ndisanalionepo. Linali khoma ndithu, ngati la nyumba ya munthu.

Aphunzitsi anabwera, anapereka moni kwa amalume, kenako anatenga levulo, kachitsulo kaja kokhala ndi kagalasi ka madzi, kamene kathovu kakakhala pakati ndiye kuti zinthu zaongoka. Anaika pamwamba pa khoma. Kathovu pakati. Anaika m'mbali. Pakati.

"Bambo, taonani," anauza amalume. "Sabata yachisanu munthu saongola chonchi. Ndipo mayiwa levulo saigwiragwira. Mayi, munaphunzira kuti?"

"Ku tiyi," anatero amayi. "Kapitawo amafuna kuti mitengo yonse pamwamba pakhale ngati tebulo. Ukathyola mozama pena, akubweza. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana mzere ndi diso. Ndiye ngati ndi loongoka, mukuligwetseranji?"

"Iwe mnyamata, bweretsa ndowa iyo."

Ndinabweretsa, khutu likutentha. Aphunzitsi anathira madziwo pang'onopang'ono pamwamba pa khoma, motsata mipata ya njerwa. Madzi analowa, osaonekanso. Tinadikira. Kenako anatulukira m'munsi, mzere wachiwiri kuchokera pansi, mbali zonse ziwiri, timizere tofiirira tikutsika. Kunena mosabisa, khomalo linkakodza. Amuna aja anaseka.

"Inu khalani chete," anatero aphunzitsi. "Anu aja sindinawonongerepo n'komwe madzi." Anatembenukira kwa amayi. "Sindikuti mukankhe. Chotsani njerwa imodzi yokha, ya pamwambayo, muone."

Amayi anali m'chitenje ndi nsapato za kutchalitchi, poti sanabwere kudzagwira ntchito. Kenako anagwira njerwa ya kumapeto ndi manja awiri, anaigwedeza pang'ono n'kuinyamula. Tonse tinasuzumira. Matope anali m'mphepete mokha, kamzere kowonda kuzungulira ngati zopaka m'milomo. Pakati panali mphako.

"Mayi, matope anapita kuti?"

"Ndimasunga," anatero amayi, mawu ali pansi. "Ndimati asathe msanga."

"Si shuga ameneyu, mayi. Ndi dothi. Likatha mukumba lina."

Wina anafuna kuseka koma anasiya. Ine ndinamvetsa bwino kuposa onse, chifukwa ndinakulira m'manja amenewo. Amayi mafuta ophikira amathira ndi chivindikiro cha botolo. Sopo amadula pawiri, theka n'kubisa. Machesi akanatha kuwang'amba pakati akanawang'amba. Munthu woteroyo mum'patse wilibala yodzaza matope, dzanja lake silingamvetse kuti zonsezo n'zoti zithe lero.

Anachotsa njerwa yachiwiri, yachitatu. Paliponse chimodzimodzi. Atafika mzere wachitatu anaima, njerwa ili m'manja, n'kuitembenuza.

"Achimwene, tabwerani. Mukukumbuka tsiku lija tinkatola njerwa za nyumba yanga? Zinali zoyera m'mbali ngati iyi. Tinkadabwa kuti sizikufunika kupala."

Amalume anayang'ana njerwayo, kenako anayang'ana phiri.

"Mmisiri uja munamubweretsa ndinu," anatero amayi. "Munati ndi mnzanu, ndi wotchipa."

"Mvula ija inali yambiri, achemwali."

"Yanu inagwa?"

Amalume anakonza jekete.

Amayi analitsitsa khoma lonse, njerwa imodziimodzi, iliyonse akuipala ndi mpeni wobwereka kwa mlonda wa imvi uja n'kuisanja pamulu. Sanakankhe ngakhale pamodzi, ndipo aphunzitsi sanawafulumizitse. Zinatenga ola ndi kanthu. Palibe chimene chinamveka kugwa. Atatsala pang'ono kumaliza amalume anakhosomola.

"Ndiye zosoka zija, tikanene chiyani ku ofesi?"

"Mukasoke ndinu. Ine ndili ndi matope oti ndiponde."

Anavula nsapato za kutchalitchi, anakwinya chitenje n'kulowa m'matope ndi mapazi. Ine ndi amalume tinabwerera awiri. Mu minibasi anandikhazika kuwindo kuti ndisathawe, ndipo titafika kunyumba anapita kukathyola mkwapulo wa gwafa n'kuusadza bwinobwino. Anati adikira amayi kuti aonerere. Amayi anafika madzulo, miyendo ili yofiira mpaka m'mawondo, anauyang'ana mkwapulowo n'kupukusa mutu.

"Musiyeni. Ameneyu mkwapulo anauzolowera, umangomudzutsa. Ndi wanga ameneyu, ndithana naye ndekha."

Ndinadikira tsiku limenelo, palibe. Sabata yonse, palibe. Ndinkadya mochenjera, ndinkagona nkhope itayang'ana chitenje. Mwezi utatha ndinaganiza kuti aiwala.

Iwo anali otanganidwa. Lachisanu lililonse ankatsitsa khoma, Lolemba n'kuyamba lina, ndipo anayamba kudandaula kuti wilibala ya pasukulupo ndi yaing'ono. Anaphunzira maziko, anaphunzira kusiya malo a zitseko ndi mawindo, kupaka pulasitala, kusakaniza simenti ndi mchenga. Pamwamba anakweranso, amuna ali pansi akuwaponyera njerwa, ndipo dziko silinathe. Mu Novembala anayesedwa, anakhoza, anabwera ndi satifiketi ndi thumba la zipangizo zawozawo. Satifiketiyo anaiika m'pepala la pulasitiki n'kuisomeka kudenga la khitchini, kutali ndi utsi.

Musaganize kuti anthu anathamangira kudzawapatsa nyumba. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba kumangitsa kwa mkazi. Anagwirizana ndi mlonda wa imvi uja kuti azigwira awiri, iye azilankhula ndi eni ntchito. Anayamba ndi zing'onozing'ono: khonde logumuka, khitchini, chiliza. Eni ntchito ankalankhula ndi bamboyo, koma akabwera masana ankapeza amene ali pakona ndi chingwe ndi amayi. Ndipo amayi anatenga chizolowezi cha aphunzitsi awo. Khoma likafika pachifuwa ankaitana mwini wake, n'kuthira ndowa ya madzi pamwamba iye akuona. Anthu a kuno mvula amaidziwa, ndiye nkhani ya ndowayo inayenda msanga kuposa satifiketi. Wina wa golosale ku Nkando anawatumizira uthenga kuti akufuna mayi wothira madzi uja.

Disembala itafika munthu wa ku esiteti anadutsa m'mudzi kulemba mayina a othyola tiyi, monga mwa chaka chilichonse. Anaima pabwalo pathu ndi kope lake. Amayi anali akutsuka mpeni ndi levulo.

"Mayi, ndilembe?"

"Chaka chino ayi, bambo. Ndili ndi maziko a anthu, mvula ingandipeze."

Anangotero, osakweza n'komwe mutu. Munthuyo atapita, madzi akudontha m'manja, anandituma kukagula sopo. Anamudulabe pawiri.

Pamjigo amawatchulabe kuti amisiri, koma masiku ano mawuwo amatsatana ndi funso lakuti mupezeka liti. Mvula itatha anaumba njerwa kudambo, anawotcha, ndipo Loweruka lililonse ankamanga nyumba yathu pamalo pomwe panali yakale. Zipinda ziwiri ndi pabalaza. Amalume ankabwera kudzaona ngati zikuyenda bwino, manja kumbuyo, mpaka tsiku lina ndinawapeza manja ali kutsogolo, akupatsira njerwa.

Tinalowa m'nyumbamo mu Julayi. Holide yaikulu itayamba, m'mawa wina ndikuganiza zopita kukaonera mpira, amayi anandiitanira kuseri. Anali atakhoma zikhomo zinayi pansi n'kukulunga chingwe. Pambali panali piki, fosholo ndi ndowa.

"Chimbudzi chakale chadzaza. Ukumba pano, mamita atatu, wekha. Ine ndidzamanga pamwamba."

"Ndalakwanji?"

"Fomu ija."

"Amayi, imene ija ndi ya chaka chatha! Ndiponso popanda ine…"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndi atatu okha."

Chaka chathunthu munthu kusunga mlandu ngati mbewu. Ndinawapatsa ulemu pamenepo, sindinama.

Ndinakumba. Mita yoyamba dothi linali louma ngati msewu, matuza anatuluka tsiku loyamba lomwelo n'kuphulika lachiwiri. Madzulo aliwonse amayi ankabwera kuchokera ku ntchito, kumangirira mwala kuchingwe n'kuutsitsa m'mbali mwa dzenje. Mwala ukakhudza dothi pena, ankandiuza kuti ndisemepo. Dzenje la chimbudzi, limene palibe adzalionenso m'kati, linayenera kuongoka ngati tchalitchi.

Koma dzenje lili ndi ubwino wake umene anthu sanena. Mukakhala m'kati mumazizira bwino, palibe amene amakutumani, ndipo mawu amamveka ngati muli pawailesi. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndimadziwa. Masana mwana wa amalume ankanditsitsira chinangwa ndi nandolo m'ndowa yomweyo yotulutsira dothi, ine n'kudya nditakhala pansi ngati bwana.

Tsiku lachinayi, mutu utalowa kale pansi, ndinazindikira chinthu china. Njira ya kumjigo imadutsa kuseri kwa nyumba yathu, kuseri kwa mpanda wa udzu, ndipo munthu ali m'dzenje saoneka. Ndinadikira mpaka ndinamva mapazi ndi madzi akukhavukira. Ndinakulitsa mawu ngati nkhalamba ya chifuwa.

"Odi kumtundako! Tigaireniko madzi, kuno kwatentha!"

Ndowa inagwa. Kunamveka kukuwa, mapazi akuthamanga, wina akuitana dzina la Yesu mpaka kumsewu. Anali mayi wina wa kwaya, ndipo ndowayo inali yapulasitiki, inang'ambika.

Madzulo amayi anabwera ndi mwala wawo, anayeza mbali zonse zinayi, anati zaongoka. Kenako anamasula chingwe n'kuwonjezera mfundo ina m'munsi.

"Uwonjezere theka la mita. Limeneli ndi la ndowa ya mayi wa kwaya."

Ndinati chabwino. Pansipo dothi linali litayamba kufewa, ndinamaliza tsiku lotsatira dzuwa lisanapendeke, chigawo chachiwiri cha mpira ndinakachipeza.